Galimoto yatsopano kapena yakale: werengerani kaye musanatulutse ndalama

Chaka chikamapita kumapeto, chipereganyu chikagawidwa, kapena ana a ku Johannesburg akatumiza kangachepe, mabanja ambiri a ku Mabvuku, Tafara, Mufakose ndi Dzivarasekwa, muno mu Harare ku Zimbabwe, amayamba kukambirana zogula galimoto. Ena akufuna yopitira kuntchito, ena yonyamulira tomato ku Mbare, ena yoti Khirisimasi akaonekere nayo kumudzi ku Dedza kapena ku Mangochi. Funso limakhala lomwelo: yatsopano kapena yakale?

Tiyambe ndi yatsopano, chifukwa nkhani yake ndi yaifupi. Galimoto yomwe sinayendepo, yogulidwa kwa ogulitsa ovomerezeka monga a Toyota kapena a Croco Motors, imabwera ndi waranti, ndipo mbiri yake mumaiyamba ndinu. Koma mtengo wake ndi madola a ku America masauzande makumimakumi, ngongole ya kubanki imadza ndi chiwongoladzanja chowawa, ndipo kuti waranti isafe muyenera kumakaikonzetsa kwa iwo omwewo, pa mtengo wawo. Mukangoitulutsa pageti, mtengo woti mungaigulitsire watsika kale. Kampani kapena mlimi amene amayenda mitunda italiitali sabata iliyonse akhoza kupindula nayo. Kwa ambiri a ife, masiku omwe munthu wapantchito ankatha kugula Mazda 323 yolumikizidwa ku Willowvale anapita.

Choncho kusankha kwenikweni kuli pakati pa galimoto ziwiri zakale: yoitanitsa kuchokera ku Japan, yomwe kuno timati ex-Jap, ndi yomwe yayenda kale m'misewu ya mu Harare.

Ku Japan galimoto imayesedwa mokhwima ikatha zaka 3, kenako zaka 2 zilizonse, ndipo kuyesako n'kodula. N'chifukwa chake eni ake amazigulitsa zikadali ndi moyo, n'kubwera kuno kudzera pa doko la Durban ndi Beitbridge, kapena Dar es Salaam ndi Chirundu. Chomwe chimagwetsa anthu ndi mtengo wa pa intaneti. Mtengo umenewo nthawi zambiri umathera padoko. Pamwamba pake pali woyendetsa kapena lole yoibweretsa, wokuthandizani mapepala pachipata, msonkho wa ZIMRA (bungwe lotolera misonkho), ndi manambala. Msonkhowo ZIMRA imauwerengera pa mtengo womwe iyo yaona kuti ndi woyenera, osati womwe inu mwalemba, ndipo galimoto yopitirira zaka 5 imalipitsidwa msonkho winanso wapamwamba. Pitani mukafunse mtengo wonse musanatumize ndalama. Komanso dziwani kuti kuyambira mu 2021 boma linaletsa kulowetsa galimoto wamba zomwe zapitirira zaka 10 chipangidwireni. Amawerenga chaka chomwe inapangidwa, ndiye yomwe yatsala miyezi yochepa kuti ikwanitse zaka 10 isiyeni, sitima ikachedwa pamadzi mudzalira nayo pachipata.

Lamulo limeneli lakweza mitengo ya galimoto zoitanitsa, ndipo lachititsa kuti zakale za konkuno zisatsike mtengo. Apa ndi pomwe muyenera kutsegula maso kwambiri. Honda Fit, Toyota Wish, Probox ndi zina zotere zambiri zagwirapo ntchito ya mushikashika (matakisi opanda chilolezo), kunyamula anthu asanu ndi awiri kapena kupitirira apo kuyambira m'bandakucha mpaka usiku. Mwini wake akaona kuti yatopa, amaipaka penti, n'kuitsuka injini mpaka kuwala. Injini yotsukidwa kwambiri muziikayikira, mwina akubisa pomwe oilo akudontha.

Musapite nokha kukaona galimoto. Tengani makaniko wanu, osati wa wogulitsa, ndipo mumulipire tsiku lakelo. Fikani m'mawa injini isanalizidwe, muigwire kaye ngati ili yozizira, chifukwa injini yodwala imadziwika poiliza koyamba. Utsi wabuluu ukutanthauza kuti ikudya oilo. Utsi woyera wosatha, kapena thovu looneka ngati mkaka pachitsekero cha oilo, ndiye kuti madzi akulowa m'injini, gasiketi yapsa. Makilomita olembedwa pawotchi musawakhulupirire okha, amabwezedwa m'mbuyo. Yang'anani chiwongolero, mpando wa dalaivala ndi mphira wa popondera buleki. Ngati zonsezi zaperepeseka koma wotchi ikuti makilomita 60,000, wina akunama. Iyendetseni pamsewu wa maenje, poti mu Harare sasowa, mumve ngati mashoko ndi zam'munsi zikugogoda. Kenako ikwezeni pachitunda mumve magiya. Honda Fit zambiri zili ndi giyabokosi yosintha yokha ya mtundu wa CVT yomwe imafuna oilo wakewake, ndipo ikathiridwa oilo wamba imayamba kunjenjemera ponyamuka. Kusintha giyabokosi kungakudyereni ndalama yonse yomwe munanenerera pamtengo.

Za Toyota Aqua ndi zinzake zoyendera mafuta ndi magetsi omwe, sindikuziletsa. Mafuta zimamwa pang'ono ndithu, makamaka pamene petulo wathu ndi wosakaniza ndi ethanol ndipo sachedwa kutha m'thanki. Koma batire lake lalikulu limakalamba, ndipo latsopano si la ndalama zochepa. Liyezetseni pa kompyuta musanagule.

Ine ndimauza anthu kuti galimoto isankhidwe ndi masipeya ake. Musanakonde mtundu uliwonse, yendani mu Kaguvi Street, ku Gazaland ku Highfield kapena ku Siyaso, mufunse mtengo wa mabuleki, mashoko, pampu ya madzi ndi nyali. Ngati masitolo atatu akuti alibe, ayitanitsa ku South Africa, galimoto imeneyo si yanu. Benz yakale yotchipa imakopa maso, koma zili mbwee m'mabwalo a nyumba zitakhazikidwa pa njerwa, nkhuku zikuikira mazira m'kati. Ndipo pa ndalama yomwe muli nayo, musaithere yonse pogula. Siyani gawo loti musinthire oilo, mafyuluta, lamba wa injini ngati ndi ya lamba, ndiponso matayala. Za ku Japan zina zimabwera ndi matayala a m'chipale chofewa, omwe pa phula lotentha la mwezi wa Okutobala amatha msanga.

Tsopano mapepala, omwe abale athu ambiri amawapeputsa chifukwa wogulitsa ndi wa mpingo umodzi kapena wa kumudzi kumodzi. Dzina la m'buku la galimoto lifanane ndi la pachitupa cha amene akukugulitsani. Nambala ya chasisi ndi ya injini muziwerenge nokha pagalimoto, mufananize ndi za m'buku. Apolisi oona za kuba galimoto, omwe ali ku Southerton, aione n'kutsimikiza kuti si yobedwa. Mukatero lipirani msonkho wosinthira umwini ku ZIMRA, dzina lisinthidwe ku CVR, ofesi ya kaundula wa galimoto. Ambiri amangolemberana kalata yogulitsana n'kusiyira pomwepo, galimoto n'kudutsa m'manja mwa anthu anayi buku likadali m'dzina la woyamba. Woyambayo akamwalira kapena akasamukira kunja, mutu udzakupwetekani. Funsaninso ngati layisensi ya ZINARA, bungwe loona za misewu, ilibe ngongole, chifukwa ngongoleyo imatsata galimoto. Madobadoba oti "ndalama patsogolo, buku mawa" muwakane mwaulemu.

Amene mukufuna kudzapita nayo kumudzi, ganizirani msewu wa Nyamapanda, Tete, Zobue mpaka Mwanza. Kuchigwa cha Zambezi kumatentha, ndiye radiyeta, mapaipi ake ndi fani zikhale zabwino musananyamuke, ndipo kagalimoto kotsika kodzaza matumba a shuga ndi anthu asanu kadzakhula pansi mukangosiya phula. Pachipata adzafuna buku, chikalata cha apolisi, ndiponso kalata ya mwini ngati dzina la m'buku si lanu. Inshuwalansi ya COMESA, ija ya khadi lachikasu, imagwira ntchito ku Malawi, koma Mozambique sili m'bungwe limenelo, choncho konzani ndalama ina yogulira inshuwalansi yawo mukamalowa.