Musapereke mwana kwa kochi chifukwa choti anawina masewero 10

Abale anga amene muli kuno ku America, ngati mnyamata wanu wayamba kutchuka pa mpira wa kusekondale, uja wa zipewa zolimba ndi kugundana mapewa, dziwani kuti ajenti wolonjeza kumupezera malo pa timu ya koleji ali m'njira kubwera kwanu.

Kwathu anafika Loweruka madzulo, ine nditangoweruka kunyumba yosamalira okalamba komwe ndimagwira ntchito. Anakhala pa sofa, nsima anakana, n'kutsegula laputopu. Za maphunziro sanayankhulepo. Anandilozera nambala imodzi yokha: 10-2. "Bambo, kochi ameneyu wawina masewero 10 mwa 12, mwana wanu akakhala m'manja abwino." Ine mutu wanga unali udakali ku Kamuzu Stadium, komwe kochi wowina timamunyamula paphewa, woluza timamukuwiza. Ndinalipira madola 1,800, thukuta la mashifiti ausiku.

Kochi uja anaimbadi foni, n'kulonjeza mwana malo ndi sikolashipu. Pakamwa basi. Makoleji ena awiri aang'ono amene ankamufuna tinawakana, chifukwa ajenti anati makochi awo ndi a 5-7, anthu olephera. Disembala itakwana tinamva kuti kochi wathu watengedwa ndi yunivesite yaikulu. Masewero 10 amene anandikopa ine anakopanso eni ndalama. Wolowa m'malo anabwera ndi anyamata ake kudzera mu transfer portal, njira imene osewera amasamukira kuchoka ku koleji ina kupita ku ina, mwana wathu n'kumuuza kuti abwere ngati walk-on. Mawu amenewa akutanthauza kuti uzisewera, koma fizi, chakudya ndi pogona uzidzilipirira.

Ajenti ndinamuimbira sabata yathunthu, foni kumangoitana. Tsiku limene anayankha anandiuza mosatekeseka kuti ntchito yake inali yomuonetsa mwana kwa makochi, ndipo wamuonetsa. Ndinafukula pepala limene ndinasaina lija. Zinalembedwadi choncho, m'tizilembo tofuna mandala. Kapu ya timu ija imene mwana anagula ndi ndalama zake idakali pamwamba pa wadirobu, sanaivalenso. Mpaka lero ndikaiona mtima umawawa, chifukwa amene anamuuza kuti akane makoleji aja ndi ine.

Nambala ya kuwina siikuuzani kuti kochi adzakhalapo chaka chamawa. Kochi Kalen DeBoer anafikitsa timu ya yunivesite ya Washington pa 14-1, koma mu Januwale 2024, patangopita masiku ochepa kuchokera pa fainolo ya chikho cha makoleji, anali atasamukira ku Alabama. Nebraska inachotsa Frank Solich mu 2003 ali ndi 9-3, n'kudzachotsanso Bo Pelini mu 2014 ali ndi 9-3 yomweyo, munthu amene sanatsikepo pa masewero 9 owina chaka chilichonse. Gene Chizik anatenga chikho ndi Auburn mu 2010 osagonjapo, mu 2012 anali ndi 3-9 ndipo ntchito inatha pomwepo. Pomwe Bill Snyder anayamba ndi 1-10 ku Kansas State mu 1989, Kirk Ferentz nayenso 1-10 ku Iowa mu 1999, ndipo onsewa anakhala pamalo amodzi zaka zopitirira 20. Ajenti wanga uja akanawatchula olephera.

Komanso mufunse kuti anawina ndani. Matimu akuluakulu amalipira makoleji ofooka, nthawi zina kupitirira madola 1 miliyoni, kuti abwere adzamenyedwe kumayambiriro kwa nyengo. Mu FBS, gawo lapamwamba la mpira wa makoleji, masewero ndi 12, ndipo ukawina 6 wayenera kupita ku bowl, masewero apadera a kumapeto kwa nyengo. Ndiye munthu akawina atatu ogula aja ndi ena atatu, ajenti adzakuuzani kuti ndi kochi wa bowl. Inu mukuti bwanji pamenepo?

Za mapepala n'zosavuta: lembetsani mwana ku NCAA Eligibility Center, ofesi ya bungwe loyendetsa masewero a makoleji la NCAA, nokha pa intaneti, sipafunika mkhalapakati. Kanema wa masewero ake kochi wa kusekondale amatumiza.

Koma tamverani izi, chonde. Musakane koleji iliyonse musanagwire m'manja pepala la thandizo la ndalama losainidwa ndi sukulu. Fodya wako ndi amene ali pamphuno. Ndipo pepalalo muliwerenge, chifukwa masikolashipu ambiri ndi a chaka chimodzi, amachita kuwonjezera. Wina akakulonjezani sikolashipu ya mpira ku Division III, gawo lachitatu la NCAA, m'tsegulireni chitseko azipita, kumeneko sapereka ndalama za masewero. Achimwene amene mwana wanu ali pa viza ya ophunzira ya F-1, musatengeke ndi nkhani ya ndalama za NIL, zolipira wosewera pogwiritsa ntchito dzina kapena chithunzi chake, zimene zinayamba mu 2021. Viza imeneyo ili ndi malamulo okhwima pa kugwira ntchito, kafunseni kaye ku ofesi ya ophunzira ochokera kunja mwana asanalandire kanthu.

Chimene ndinayenera kufunsa ine n'chakuti anyamata amene kochiyo analemba zaka 4 zapitazo ali kuti lero. Angati anamaliza digiri, angati anathawa? NCAA imatulutsa poyera Graduation Success Rate (kuchuluka kwa osewera omaliza digiri) ndi APR (muyeso wa mmene osewera akuchitira pa maphunziro) ya timu iliyonse ya gawo loyamba la Division I, ndipo timu ikatsika pansi pa 930 pa APR imatha kulangidwa. Zimenezi n'zaulere, pafoni panupo. Funsaninso kuti mwana akavulala bondo sikolashipu ikhalapobe kapena ayi, ndiponso kuti kochi wa malo amene iye amasewera wakhalapo zaka zingati, poti ameneyo ndi amene adzakhale naye tsiku ndi tsiku. Ena mumachita manyazi kufunsa, ati tingaoneke achimidzi. Manyazi a chiyani, mwana ndi wanu!

Wanga anakalowa koleji ya zaka ziwiri, ija amati JUCO, ndipo akusewera. Kochi wake chaka chatha anawina masewero 4 okha, koma Lolemba lililonse amaona yekha ngati mnyamata aliyense walowa m'kalasi, ndipo ndikamuimbira amayankha.