Mwagula Mazda Roadster yakale? Yambani ndi zamphira, marimu adikire

Ndikafika pakhomo pomwe pangofika kumene kagalimoto kamipando iwiri kaja, kadenga lansalu, kanyali zotukuka ngati maso a chule, funso loyamba la mwiniwake limakhala la marimu kapena la ekizozi yolira kwambiri. Ine ndimamupempha kuti ayambe watsegula boneti. Galimotoyi ndi Mazda MX-5, yomwe inayamba kupangidwa mu 1989. Ku Japan inkagulitsidwa pa dzina loti Eunos Roadster, ndipo ndi dzina lomwe mulipeze pa zambiri zochokera kumeneko. Mtundu woyambawu anasiya kuupanga mu 1997, kutanthauza kuti ngakhale yomalizira kutuluka m'fakitale yatha zaka zoposa 25. Musanyengeke ndi makilomita ochepa omwe akuoneka pa wotchi. Mphira umakalamba ndi zaka, galimoto iziyenda kapena ikhale chiimire.

Ubwino wake ndi woti ndi galimoto yosavuta kuigwira. Masipanala a 10, 12, 14 ndi 17 amamasula pafupifupi chilichonse. Koma musanalowe pansi pake, imvani ichi: jeke ndi yonyamulira, si yogonera pansi pake. Gulani zochirikizira zachitsulo zosachepera ziwiri, muimike galimoto pa simenti kapena pamalo olimba osatsetsereka, ndipo matayala otsala pansi muwatchinge. Njerwa ayi. Njerwa imaphwanyika osachenjeza.

Yambani ndi madzi a injini, chifukwa injini zimenezi zimapirira zambiri koma kutentha kumazipha. Yang'anani mutu wa radiyeta. Ndi wapulasitiki, ndipo ukakhala watsopano umakhala wakuda bii. Ukayamba kuoneka wofiirira kapena wobiriwirako, wapsa, ndipo tsiku lina udzang'ambika muli pa chikweza dzuwa lili pamutu mu Okutobala. Osadikira kuti udonthe, sinthani radiyeta yonse. Finyani mapaipi amphira onse injini itazizira. Lofewa ngati nthochi yakupsa lichoke, lolimba ngati mtengo lichokenso. Kumbuyo kwa injini, kufupi ndi galasi lakutsogolo, kuli timapaipi tiwiri topita ku hita tomwe anthu ambiri amatiiwala. Chakomweko kuli sensa yomangidwa kumbuyo kwa mutu wa injini, yokhala ndi kamphira kozungulira. Kamphirako kakauma, oyilo amayamba kudontha, ndipo pa injini ya malita 1.8 (inayo ndi ya 1.6) amadonthera pa timapaipi tija mpaka kutiwoletsa. Ndi kanthu kotchipa koma kamathera anthu injini. Musanamasule sensayo, ilembeni chizindikiro pomwe yakhalira kuti muibwezeretse pomwepo ndendende, apo ayi taimingi, nthawi yomwe mapulagi amayatsa moto, isokonekera.

M'radiyeta musamathire madzi a pa mjigo okha. Amasiya mchere m'timinjira tam'kati ndipo amabweretsa dzimbiri. Thirani kulanti, madzi amankhwala oziziritsa injini, wosakaniza bwino. Ndipo chivindikiro cha radiyeta sichitsegulidwa injini ili yotentha. Ndaonapo mnyamata atasupuka dzanja lonse chifukwa cha changu chotere.

Kenako timing belt, lamba wamano yemwe amayendetsa mavalavu mogwirizana ndi mapisitoni. Amalangiza kuisintha ikayenda makilomita pafupifupi 100,000, koma pa galimoto yomwe mbiri yake simukuidziwa, isintheni basi, pamodzi ndi pampu ya madzi popeza zonse zili malo amodzi. Injini ya galimoto imeneyi ili ndi mwayi woti lambayu akaduka mapisitoni sagunda mavalavu, koma mudzagonabe panjira. Ngati yanu ndi 1.6 ya zaka zoyambirira, cha m'ma 1989 mpaka 1991, lizani injini muyang'anitsitse pule yaikulu yapansi kutsogolo. Ikamagwedera uku ikuzungulira, zimitsani. Injini zoyambirirazo zinali ndi mphuno ya kirankishafuti (chitsulo chomwe puleyo imamangidwapo) yaifupi, ndipo bawuti yake ikamangidwa mongoyerekeza, kamphako komwe mumalowa kachitsulo koletsa pule kuterereka kamadyeka. Pamenepa ndiye pofunika sipanala yoyezera mphamvu yomangira. Ngati mulibe, bwerekani, kapena ntchito iyi yokha muipereke kwa makanika amene ali nayo. Palibe manyazi pamenepo.

Zina ndi zopepuka, mutha kuzichita Loweruka limodzi: oyilo ndi fyuluta yake, mapulagi, oyilo wa giya ndi wa difu (magiya a pakati pa matayala akumbuyo). Mukazula mawaya a mapulagi n'kupeza oyilo m'mabowo, ndiye kuti gasiketi ya chivindikiro chapamwamba yatha. Kilachi ikayamba kumira popanda mphamvu, kawirikawiri vuto si kilachi yeniyeniyo koma kasilinda kakang'ono kam'mbali mwa giyabokosi, komangidwa ndi mabawuti awiri okha. Onaninso mapaipi a petulo. Kuno ku Malawi petulo wathu amasakanizidwa ndi ethanol kuyambira m'zaka za m'ma 1980, ndipo mphira wakalekale wong'aluka sagwirizana naye. Fungo la petulo pa galimoto yoima si loti n'kulizolowera.

Tsopano dzimbiri, lomwe ndi mdani weniweni wa galimotoyi. Madzi a mvula akagwera pa denga lansalu amatsikira m'ngalande yozungulira kumbuyo kwa mipando, n'kulowa m'timabowo tiwiri, kamodzi mbali iliyonse pafupi ndi pomwe pamachokera lamba wa pampando, n'kutulukira pansi. Timabowoti tikatsekeka ndi masamba, fumbi kapena maluwa a jakaranda, madziwo amasochera n'kukakhazikika m'zitsulo za m'munsi mwa zitseko, kutsogolo kwa matayala akumbuyo. Amadya chitsulo kuchokera m'kati, moti mukamaona matuza pa penti kunja, m'katimo mwatha kale. Galimoto yopanda denga lachitsulo imadalira kwambiri zitsulo zam'munsizi kuti isapindike, ndiye si nkhani yongokhudza maonekedwe. Mvula isanayambe, tengani kebulo yakale ya buleki ya njinga, muilowetse pang'onopang'ono m'bowo lililonse, kenako muthire kapu ya madzi. Akuyenera kutulukira pansi nthawi yomweyo. Bwerezaninso mu Januwale. Kwa abale athu omwe ali ku Britain, komwe galimotozi n'zambiri komanso zotchipirapo, vutoli ndi lalikulu koposa chifukwa cha mchere womwe amamwaza m'misewu nthawi yachisanu. Musanalipire, gwadani mukanikize ndi chala m'munsi mwa zitseko. Ndipo ngati pabooka, pafunika kudula n'kuwotcherera chitsulo chatsopano. Kumata phala lotsekera mabowo pamwamba n'kupenta ndi kubisa chilonda chabe.

Pa mabuleki pali msampha umodzi womwe ndikufuna muudziwe. Kutsogolo, posintha mapadi, pisitoni mumangoikankhira m'kati. Kumbuyo musayerekeze. Kuseri kwa kalipa, chitsulo chomwe chimapanitsa mapadi pa disiki, kuli kabawuti ka 14, ndipo mukakachotsa mupeza kosinthira komwe mumapotoza ndi aleni kiyi ya 4. Ndi komwe kamabweza pisitoni. Mukaika mapadi atsopano, potozani mpaka agwire disiki pang'ono, kenako mubweze pang'ono kuti tayala lizizungulira momasuka. Potozani mofatsa, timano take sitichedwa kudyeka. Amene amakanikiza ndi mphamvu amaononga kalipa, ndipo handibuleki imasiya kugwira. Mafuta a mabuleki amayamwa chinyezi, choncho asinthidwe zaka ziwiri zilizonse ngakhale akuoneka abwino.

Zonsezi zikatheka, ndiye tikambe zowonjezera. Ndalama yoyamba ipite ku matayala. M'mbali mwa tayala lililonse muli manambala anayi osonyeza nthawi yomwe linapangidwa: mwachitsanzo, 2315 akutanthauza sabata ya 23 m'chaka cha 2015. Tayala loti latha zaka zambiri chonchi ndi louma ngakhale mano ake akuoneka athunthu, ndipo pa galimoto yokankha ndi matayala akumbuyo mudzalidziwa tsiku la mvula pa raundabauti. Zambiri mwa galimotozi zinabwera ndi matayala a 185/60 pa marimu a mainchesi 14. Mukafuna kukweza, 15 ndi okwanira. Marimu a 17 amakongola pa chithunzi, koma ndi olemera kwa galimoto ya pafupifupi tani imodzi yokha, ndipo tayala lake lopyapyala silipirira maenje a m'misewu yathu. Mashokapu atsopano ndi alainimenti yabwino ya matayala onse anayi zimasintha kayendedwe kuposa china chilichonse chomwe mungagule.

Zotsitsa galimoto pansi ndimakaniza poyera. Ndi yofupika kale. Mukaitsitsanso, hampu iliyonse izikanda pansi pake, ndipo kudula masipuling'i ndi chopukusira, monga ndaonera ena akuchita, n'kuika moyo pachiswe. Chimodzimodzi fyuluta ya mpweya yosongoka ija yomwe amati imawonjezera liwiro. Imawonjezera phokoso, imakoka mpweya wotentha wa m'boneti, ndipo fumbi la mu Seputembala limadutsa mosavuta. Bokosi lomwe galimoto inabwera nalo lisiyeni, muzingosintha fyuluta yam'kati pafupipafupi. Chitsulo chonyezimira chomwe ena amaika kumbuyo kwa mipando nachonso chimandidetsa nkhawa: chambiri n'chokongoletsera chabe, sichingakutetezeni galimoto itagubuduzika. Ngati mukufuna chitetezo, funani chitsulo chenicheni chomangidwa ku thupi la galimoto.

Zipangizo zambiri muzichita kuitanitsa kuchokera ku South Africa, ku Britain kapena ku Japan, ndiye poitanitsa muzipereka nambala ya chasisi, osati chaka chokha. Ya 1.6 imayamba ndi NA6 ndipo ya 1.8 imayamba ndi NA8 pa zochokera ku Japan, ndipo mabuleki a ziwirizi ndi osiyana kukula. Itanitsani radiyeta, mapaipi, malamba ndi magasiketi ulendo umodzi kuti mulipire mtengo wotumizira kamodzi, ndipo chakale chilichonse musachitaye mpaka chatsopano chitalowa m'malo mwake.