Toyota 86 yanu ikukoka kapena kunjenjemera? Momwe mungapezere vuto musanagule chitsulo chilichonse

Galimoto yothamanga ngati Toyota 86 siibisa matenda. Kavuto kamene simungakamve mu Corolla, mu 86 kamafika m'manja mwanu msanga, chifukwa galimotoyi ndi yaifupi, masipuling'i ake ndi olimba, ndipo matayala ake ali ndi mphira wochepa m'mbali. Toyota anaipanga limodzi ndi Subaru n'kuyamba kuigulitsa mu 2012, choncho zonse zili m'munsimu zikukhudzanso Subaru BRZ, yomwe ndi mapasa ake. Zimene timaitanitsa ku Japan zimakhala zitayenda kale zaka zambiri, zina m'manja mwa achinyamata okonda kutsetsereka nazo m'makona, kenako n'kudzakumana ndi maenje ndi mahampu a kuno.

Chimene chimandiwawa ndi kuona munthu akuthamangira kukapangitsa alayimenti (kulunjikitsa mawilo pa makina), kapena kuitanitsa steering rack yatsopano (chitsulo chimene chimakhotetsa mawilo akutsogolo mukapotoza chiwongolero), asanayang'ane n'komwe matayala. Yambani ndi zosafuna ndalama. Alayimenti ibwere pomaliza.

Choyamba: matayala, galimoto isanayende

Yezani mpweya m'mawa matayala akadali ozizira, ndipo tsatirani nambala yolembedwa pa kapepala komata pa khomo la dalaivala, osati imene wopopa pa filing'i siteshoni anazolowera. Tayala limodzi lakutsogolo likangochepa mpweya, galimoto imakokera mbali yomweyo.

Kenako werengani zolembedwa m'mbali mwa tayala lililonse. Ma 86 ambiri anatuluka ndi 215/45R17, ena ndi 205/55R16. Matayala awiri akutsogolo afanane saizi ndi mtundu, awiri akumbuyo chimodzimodzi. Kumbuyoku n'kofunika kwambiri chifukwa galimotoyi imakankhidwa ndi mawilo akumbuyo. Fufuzaninso manambala anayi otsiriza pa mzere woyamba ndi DOT: 2316 akutanthauza kuti tayalalo linapangidwa sabata ya 23 m'chaka cha 2016. Tayala lokalamba limauma ngakhale mizere yake ikuoneka yakuya.

Pali chinanso chimene ambiri sachiganizira. Galimoto zina zimachoka ku Japan zitavala matayala oyendera pa chipale chofewa, olembedwa kuti studless. Mphira wake ndi wofewa, ndipo pa phula lotentha la ku Salima kapena Chikwawa galimoto imayenda ngati ikuyandama, imachedwa kumvera chiwongolero, mabulekinso satenga msanga. Mukawapeza, asintheni musanafufuze china chilichonse.

Pomaliza yendetsani chikhatho pa tayala lonse. Kudyeka m'kati mokha kukusonyeza kuti mawilo anapendekeka kapena sakuyang'ana kutsogolo bwinobwino. Kudyeka modumphadumpha kukuloza ku mashoko otopa. Chotupa m'mbali ndiye kuti tayalalo latha, lisayendenso.

Chachiwiri: iyendetseni, wailesi itazimitsidwa

Sankhani msewu wowongoka, wopanda anthu ndi njinga zambiri. Kumbukirani kuti misewu imamangidwa motsetserekera m'mphepete kuti madzi a mvula azichoka, ndiye poti ife timayenda kumanzere, kukokera kumanzere pang'onopang'ono si matenda. Matenda ndi pamene mukuchita kulimbana nacho chiwongolero.

Chofunika n'kudziwa nthawi imene vutolo likubwera. Chiwongolero chikamanjenjemera pa liwiro la makilomita 80 mpaka 110 pa ola n'kumachepa mukachepetsa liwiro, ganizirani za balansi ya mawilo (kulemera kofanana kuzungulira wilo lonse) kapena rimu yopindika pa dzenje. Chikamanjenjemera pokhapokha mwaponda buleki, ndi madisiki a mabuleki. Galimoto ikamakokera mbali imodzi pomanga buleki pokha, kalipa imodzi (chitsulo chimene chimapana disiki ya buleki) ikugwira kapena yauma. Mukaima, yandikitsani dzanja pa mawilo, osakhudza, mumve ngati limodzi latentha kuposa anzake. Kulira kwa "huuu" kumene kumakula mukakhotera mbali ina n'kuchepa mukakhotera inayo, kawirikawiri ndi bearing ya wilo, chitsulo chimene wilo limazungulirapo. Ikamapatukira mbali ina mukaponda mafuta n'kubwerera mukachotsa phazi, vuto lili kumbuyo: matayala osiyana, mabushi (timphira ta m'majoyinti a mikono ya mawilo) otha, kapena mawilo akumbuyo osalunjika.

Ngati ikukoka nthawi zonse, sinthanitsani matayala akutsogolo, lakumanja lipite kumanzere, n'kuyesanso. Kukokako kukasintha mbali, wolakwa ndi tayala. Matayala okhala ndi muvi wosonyeza kozungulirira abwezereni m'malo mwake mukangomaliza kuyesa.

Chachitatu: ikwezeni

Pa malo olimba ndi athyathyathya, ikani miyala kumawilo akumbuyo, kwezani ndi jeke, ndipo galimoto ikhale pa zitsulo zochirikizira. Chonde musalowe pansi pa galimoto yodalira jeke yokha kapena njerwa.

Gwirani wilo kumanja ndi kumanzere n'kuligwedeza. Likamasewera, ndi tie rod end kapena rack end, majoyinti olumikiza steering rack ndi wilo. Ligwireni pamwamba ndi pansi: kusewera apa ndi bearing kapena ball joint, joyinti yolumikiza mkono wa wilo ndi wilo. Mnzanu azigwedeza, inu muziyang'ana ndi tochi pamene pakusuntha. Onani ngati timphira tophimba majoyinti tang'ambika, pakuti fumbi likalowa girizi amatha msanga. Mashoko onyowa ndi mafuta atha, ndipo amasinthidwa awiriawiri. Timikono ta stabilizer, chitsulo choletsa galimoto kupendekeka m'makona, tikatha timagogoda kwambiri pa msewu wa fumbi, koma ndi totchipa.

Mukadali pansipo, fufuzani zizindikiro za ngozi yakale: chitsulo chowotcherera, penti yatsopano mbali imodzi, mkono wa wilo wopindika. Pa pepala la okushoni la ku Japan, giredi R kapena RA imasonyeza kuti galimoto inakonzedwapo itachita ngozi. Onaninso ngati mwini wakale anaitsitsa ndi masipuling'i ena. Yochokera ku fakitale ili kale pafupi ndi nthaka, pafupifupi masentimita 13, ndiye yotsitsidwa imagunda pansi pa hampu iliyonse n'kumadya matayala m'kati.

Chachinayi: chiwongolero chenichenicho

Chiwongolero cha 86 chimathandizidwa ndi mota ya magetsi, chilibe pampu kapena mafuta oti muwonjezere. Chikalemera mwadzidzidzi, kapena nyali yake ikayaka pa dashibodi, yezani batire kaye: likhale pafupi ndi mavoti 12.6 injini itazima, ndi pafupifupi 14 ikulira. Pambuyo pake makaniko alumikize kompyuta awerenge makodi osonyeza vuto.

Galimoto zimenezi zimadziwikanso ndi kugogoda kochokera kuseri kwa chiwongolero mukachigwedeza uku ndi uku kapena mukamadutsa pa msewu wa mabampu. Nthawi zambiri ndi kamphira kakang'ono kolumikiza motayo ndi ndodo ya chiwongolero kamene kaphwanyika. Kamagulidwa pakokha. Wina akakuuzani kuti musinthe rack yonse, muuzeni ayambe waona kamphirako.

Tsopano alayimenti

Zonse zosewera zikasinthidwa, pitani kumene ali ndi makina oyeza mawilo onse anayi, osati akutsogolo okha. Pa 86 yosasinthidwa, chimene amakonza ndi toe (kumene mawilo akuyang'ana), kutsogolo ndi kumbuyo; camber (kupendekeka kwa mawilo) ilibe posinthira, choncho ikasiyana kwambiri pakati pa mbali ziwiri ndiye kuti pali chitsulo chopindika chimene chiyenera kupezeka. Pemphani pepala la manambala asanakonze ndi atakonza. Chiwongolero chikhale chowongoka, sensa yake aikhazikitsenso pa ziro kuti VSC, kompyuta yoletsa galimoto kutsetsereka, isamagwire mabuleki pachabe m'makona, ndipo manati a mawilo amangidwe ndi torque wrench, sipanala yoyeza mphamvu yomangira, pa 120 Nm.