Mapanelo a sola kapena matailosi a sola? Yambani mwayang'ana denga

Abale anga a kuno ku Johannesburg amene mukufuna kuika sola panyumba, wogulitsa akakuonetsani matailosi a sola, aja amafolera okha ngati denga, musatengeke msanga ndi kukongola kwake. Yambani mwayang'ana denga lanu.

Ngati malata kapena matailosi anu akadali olimba, gulani mapanelo wamba. Amangowamangirira pamwamba pa denga lomwe lilipo kale, ndiye simulipira zophwasula ndi kufolera mwatsopano. Amatulutsanso magetsi ochulukirapo pamalo ofanana, mwa zina chifukwa kunsi kwake kumadutsa mphepo yowaziziritsa. Sola ikatentha kwambiri mphamvu yake imatsika. Chimene ine chimandidetsa nkhawa kwambiri ndi matalala amene amagwa kuno nthawi ya mvula. Akaswa panelo imodzi, mmisiri amangoichotsa n'kuika ina. Akaswa tailosi ya sola, ndiye kuti laswekalo ndi denga lenileni, ndipo amisiri oidziwa ntchito yake ndi ochepa.

Matailosi a sola muwaganizire pokhapokha ngati mukumanga nyumba yatsopano kapena denga latheratu, ndalama nazonso zilipo.

Chilichonse chimene mwasankha, chiyang'ane kumpoto, poti kuno dzuwa limadzera mbali imeneyo, ndipo pasamafike mthunzi wa mitengo. Musungenso ndalama ya inverter (chipangizo chosintha magetsi a sola kuti agwire ntchito m'nyumba) ndi batire, chifukwa popanda batire magetsi akathima usiku mukhala mumdima ndithu. Mmisiri akupatseni CoC, chikalata chotsimikizira kuti magetsi aikidwa motsatira malamulo, ndipo mufunse za kulembetsa sola yanu ku City Power kapena ku Eskom, kutengera amene amakupatsani magetsi.