Mpunga wa makolo musausakanize ngati mufuna mtengo wabwino

Alimi anzanga a ku Chama, Lundazi ndi m'chigwa cha Luangwa, munthu wogula mpunga pa msika wa Kapata ku Chipata amayamba watapa pang'ono m'dzanja n'kununkhiza. Ndalama yake amalipirira fungo limenelo, lomwe latchukitsa mpunga wa ku Chama mpaka ku Lusaka. N'chifukwa chake zimandiwawa ndikaona mlimi akuthira mpunga wonunkhira m'thumba limodzi ndi mtundu wina kuti lidzaze msanga. Mayi akauphika n'kupeza wina wapsa wina ukadali wauwisi, sadzabweranso kwa inu.

Ntchito iyambire kumunda. Mpunga ukamamasula, yendani m'mizere n'kuzula uliwonse wosiyana msinkhu kapena maonekedwe a ngala. Mbewu ya chaka chamawa mudule payokha pakati pa munda, ikhale ndi thumba lakelake.

Kololani ngala zambiri zikachita chikasu, pafupifupi masiku 30 chimasulireni. Mukachedwa, dzuwa ndi mame zimang'alula njere, ndipo kuchigayo zimangosweka. Mpunga wosweka aliyense amaugula motchipa. Punthirani ndi kuyanika pa tenti kapena pa mphasa, osati padothi kapena m'mbali mwa msewu. Kamwala kamodzi kolumidwa ndi wogula kamaipitsa dzina la mudzi wonse. Yalani mopyapyala, muzitembenuza, mpaka chinyezi chitsike kufika pa 14 peresenti. Popanda choyezera, lumani njere: youma imathyoka ndi kaphokoso.

Mavenda amafika mu Meyi ndi Juni, pomwe m'nyumba mulibe ndalama, n'kumagula mpunga wosakonola ndi kachitini koyezera kotchedwa meda. Musanavomere mtengo wawo, dziwani kuti thumba la makilogalamu 50 likapita kuchigayo limatulutsa woyera makilogalamu 30 kapena kuposerapo pang'ono. Chotsani za chigayo ndi za mayendedwe, muone amene akudyerapo ndani. Ine ndimati sonkhanitsani mpunga wa mtundu umodzi ku kopaletivu yanu, mugulitse pa sikelo, wina musunge mpaka mtengo utakwera.

Bungwe la COMACO limagula kwa magulu a alimi a m'chigwa n'kuulongedza m'mapaketi a It's Wild! olembedwa dzina la Chama. Nanunso gulu lanu likakonoletsa, longedzani m'mapaketi a kilogalamu 1, 2 kapena 5, mulembepo dzina la mbewu, dera lanu ndi chaka chomwe mwakolola.