Kusankha malimu oyenera galimoto yaing'ono pa misewu ya Thyolo ndi Mulanje

Limu ikangolowa pa masitadi onse anayi, tizitsulo ta mazinga tolowa manati tija, ogula ambiri amati basi yakwana, n'kupereka ndalama. Vuto limadzaonekera pamsewu. Chiwongolero chimayamba kunjenjemera mukangodutsa pa Nkando, tayala limakhula madigadi galimoto ikadzaza, kapena manati amamasuka okha sabata ndi sabata. Vitz, Passo, Fit, Demio ndi March zonse zili ndi masitadi anayi otalikirana mofanana, n'chifukwa chake anthu amaganiza kuti malimu ake n'ngobwerekana. Ena amabwerekanadi, ena ayi. Limu iyenera kugwirizana ndi galimoto pa mabowo a manati, pa bowo la pakati, pa mmene imakhalira pa habu (chitsulo chokhala ndi masitadi chimene limu imagonapo), pa kukula kwake, ndiponso pa nati yoimangira.

Musanapite ku Limbe kukasaka malimu, masulani tayala limodzi la galimoto yanu n'kulitembenuza. Pa limu ya aluminiyamu, imene ambiri amati magi, manambala amakhala kuseri kwa masipoko. Pa yachitsulo amadindidwa kumaso, kufupi ndi mabowo. Chotsani matope ndi burashi ya waya, muona zolemba ngati 14x5.5J kenaka 45 kapena ET45. Nambala ya 14 ndi kukula kwa limu m'mainchi, 5.5 ndi kutambalala kwake, J ndi kaumbidwe ka mlomo umene tayala limagwira, ndipo 45 ndi ofuseti, imene tiifotokoza kutsogoloku. Jambulani ndi foni. Jambulaninso kapepala komata pa felemu ya chitseko cha dalaivala, pamene pali saizi ya tayala ndi mpweya wake.

Muyeso woyamba ndi PCD, umene umanena kuchuluka kwa mabowo a manati ndi kutalikirana kwake. Mukamva kuti 4x100, ndiye kuti mabowo alipo anayi ndipo ali pa mzere wozungulira wa mamilimita 100 kuchoka mbali ina kufika ina. Vitz, Passo, Probox, Fit, Demio, March, Note, Swift ndi Mira zonse ndi 4x100. Tiida ya masitadi anayi ndi 4x114.3, Ford Fiesta ndi Peugeot 206 ndi 4x108, pamene Polo Vivo, Premio ndi Allion ndi 5x100. Eni Sienta asamale: yakale ija ndi 4x100, koma imene inatuluka kuyambira 2015 ili ndi masitadi asanu, 5x100.

Pa limu ya mabowo anayi mumayeza mabowo awiri oyang'anizana. Kupeza pakati pa bowo ndi diso n'kovuta, choncho ikani lula m'mphepete mwa kumanzere mwa bowo loyamba, muwerenge m'mphepete mwa kumanzere mwa bowo linalo. Yankho lake ndi lomwelo. Pa mabowo asanu palibe oyang'anizana, ndiye yezani awiri oyandikana mwa njira yomweyo: mukapeza pafupifupi mamilimita 59 ndi 5x100, mukapeza 67 ndi 5x114.3. Limu yoopsa ndi imene yaphonya pang'ono, monga 4x98 ya Fiat pa galimoto ya 4x100. Imalowa ndithu, koma nati iliyonse imakhala mopendekeka n'kumakoka sitadi yake cham'mbali, mpaka sitadi idzathyoka. Wina akakuuzani kuti akuza mabowo ndi tupa kapena dirilo kuti limu ikwane, musalole. Nati imafuna mpando wake wathunthu.

Bowo la pakati ndi limene limasiyanitsa magalimoto a 4x100 aja. Pa Toyota, Mazda, Suzuki ndi Daihatsu zazing'onozi ndi mamilimita 54.1, pa Honda Fit ndi 56.1, pa March ndi Note ndi 60.1. Limu ya Vitz singakhale pa Fit, chifukwa bowo lake limakakamira pa mlomo wa habu limu isanafike kumapeto. Mukaikakamiza ndi manati imaoneka ngati yamangika, koma mukasuzumira kuseri mupeza kampata pakati pa limu ndi habu, ndipo tayala lotere limayenda mopepeluka. Limu ya March pa Vitz imalowa mosavuta chifukwa bowo lake n'lalikulu, kungoti imasiya mpata wa mamilimita 3 kuzungulira. Mamagi ambiri ogulitsa m'mashopu amabwera ndi bowo la 67.1 kapena 73.1 kuti akwane magalimoto osiyanasiyana. Pamenepo pamafunika timaling'i ta pulasitiki kapena aluminiyamu todzaza mpatawo, mwachitsanzo 73.1 kunja, 54.1 m'kati. Popanda timaling'iti limu ikhoza kumangidwa itatsika pang'ono, ndipo chiwongolero chimanjenjemera pakati pa 80 ndi 100 km/h ngakhale mubalanse matayala kangati.

Ofuseti ndi imene anthu amainyalanyaza kwambiri, mwina chifukwa siioneka limu ili pansi pa shopu. Ndi mtunda wochoka pakati penipeni pa kutambalala kwa limu kufika pa nkhope imene imagunda habu. Nambala ikachepa, tayala limatulukira kunja. Ikakula, limalowa m'kati kuyandikira shoko. Magalimoto ang'onoang'ono a ku Japan ambiri amakhala pakati pa 35 ndi 50.

Tiyerekeze kuti galimoto yanu inabwera ndi 14x5.5J ET45, ndipo maso anu agwera pa magi ya 15x7J ET35. Kutambalala kwawonjezeka ndi inchi imodzi ndi theka, omwe ndi mamilimita 38, kutanthauza 19 kunja ndi 19 m'kati. Ofuseti yachepa ndi 10, ndiye limu yonse yasunthira kunja ndi 10. Mlomo wakunja watuluka ndi mamilimita 29, pafupifupi zala ziwiri, ndipo wam'kati wayandikira shoko ndi 9. Galimoto ili chiimire yopanda kanthu zimaoneka bwinobwino. Kwezani anthu atatu kumbuyo ndi matumba awiri a chimanga m'buti, mudutse pa bampu, mumva tayala likukhula mlomo wa madigadi, ndipo mlomo umenewo umacheka mbali ya tayala ngati mpeni. Tayala lotulukira kunja limalemetsanso bering'i, imayamba kulira msanga, ndipo chiwongolero chimakukokani mukagunda dzenje. Dzinja likafika, dothi lofiira la m'minda ya tiyi limathera pa zitseko ndi magalasi. Kwa ife, limu yabwino pa Vitz kapena Fit isapitirire 6J, ndipo ofuseti isasiyane ndi ya fakitale kuposa mamilimita 5. Masipesa oika kuseri kwa limu amadya utali wa sitadi, choncho si njira yokonzera limu yolakwika.

Tsopano kukula. Mukakuza limu, tayala liyenera kufupika kuti gudumu lonse likhale ndi msinkhu womwewo. Pa tayala la 175/65R14, 175 ndi kutambalala m'mamilimita, ndipo 65 akutanthauza kuti mbali ya tayala ndi magawo 65 pa 100 a kutambalalako, omwe ndi mamilimita 114. Wirikizani kawiri, muwonjezere mainchi 14 a limu omwe ndi mamilimita 356, mupeza pafupifupi 583. Pa limu ya 15, tayala logwirizana nalo ndi 185/55R15, limene limapereka 584. Pa 16 ndi 195/45R16, limapereka 582. Musasiyane ndi msinkhu woyamba kuposa magawo awiri kapena atatu pa 100. Mukaika 175/65R15 pamene panali 175/65R14, gudumu limafika 608, sipidomita imaonetsa liwiro lochepa kuposa limene mukuthamanga, ndipo kainjini ka 1.0 kamamva kulemera pa zitunda za ku Thyolo.

Onaninso zimene zikuchitikira mbali ya tayala pamene limu ikukula: 114 pa limu ya 14, 102 pa 15, 88 pa 16, ndipo pa 195/40R17 yatsala 78 yokha. Mphira ndi mpweya umenewo ndi umene umateteza limu mukagwera m'dzenje. Munthu woyenda pa phula labwino lokhalokha akhoza kukwanitsa 16. Koma amene amakhota kulowa m'misewu ya m'maesiteti, kupita kumidzi ya ku Thekerani kapena kukwera ku Likhubula, kumene mvula imasiya miyala poyera, akhale pa 14 kapena 15. Chiperoni chikatsika dzenje lodzaza madzi mumaliona mutafika kale, ndipo tayala lalifupi limapanikizika pakati pa limu ndi mwala, n'kutupa chotupa m'mbali. Tayala lotupa silikonzeka. Komanso tayala la 14 mukhoza kulipeza pa Luchenza kapena pa Chitakale, pamene la 17 lalifupi mwina mpaka mulitsatire m'tauni.

Pa misewu yotereyi limu yachitsulo si yonyoza. Ikagunda mwala imapindika mlomo, ndipo wokonza matayala amaiwongola ndi hamala ulendo n'kupitirira. Magi nthawi zambiri imang'aluka. Kuchepetsa limu nakonso kuli ndi malire: ya 13 yochoka pa Mira ili ndi mabowo ofanana ndi a Sienta yakale ija, koma ikhoza kukhula kalipa, chitsulo chopanira mabuleki chimene chili kuseri kwa limu, ndipo inapangidwira galimoto yopepuka kwambiri. Probox yonyamula katundu imafuna limu ndi matayala a katundu, aja olembedwa LT.

Manati asakhale ongotola. Masitadi a magalimoto a ku Japan amenewa ndi a mamilimita 12, koma mazinga ake amasiyana: Toyota, Honda, Mazda ndi Daihatsu ndi M12x1.5, pamene Nissan ndi Suzuki zochokera ku Japan ndi M12x1.25. Nati ya Nissan pa sitadi ya Toyota imazungulira kamodzi kapena kawiri n'kulimba. Ikatero siyani, chifukwa mukaiumiriza ndi sipanala mwapha sitadi. Ndiye pali mpando wa nati. Malimu achitsulo ambiri ndi mamagi a m'mashopu amafuna nati yosongoka ya madigiri 60. Malimu a fakitale a Honda amafuna nati ya mutu wobulungira. Mamagi a fakitale a Toyota amafuna nati yafulati yokhala ndi washala ndi kakhosi kolowa m'bowo. Nati yobulungira m'bowo losongoka imangokhudza pa kamzere kochepa, imadya aluminiyamu, kenaka imamasuka. Choncho mwini Fit akagula mamagi a m'shopu agulenso manati osongoka 16, ndipo mwini Demio akaika mamagi a fakitale a Vitz atenge ndi manati ake a Toyota omwe. Polo ndi ina: ilibe masitadi, imamangidwa ndi mabawuti a M14x1.5. Powerenga, nati izungulire kasanu ndi katatu pa mazinga a 1.5, kapena kakhumi pa a 1.25, isanalimbe. Ikachepera apo, limuyo yanenepa kuposa masitadi anu.

Malimu ambiri amene mungapeze ndi ogwiritsidwapo kale ntchito, ndipo penti watsopano amabisa zambiri. Tsukani limu, muyang'ane mlomo wam'kati, chifukwa ndi umene umayamba kupindika ndi kung'aluka. Yendetsani chala kuzungulira. Mukamva kamtunda kokhakhala, pamenepo anawotcherera. Magi yong'aluka kapena yowotcherera pa sipoko kapena kufupi ndi mabowo a manati isiyeni, ngakhale itsike mtengo bwanji. Bowo la nati limene lasanduka ngati dzira likusonyeza kuti limuyo inayendapo manati ali omasuka. Mamagi opangidwa motsata miyezo ya ku Japan amakhala ndi chidindo cha JWL, ena ndi VIA. Pemphani kuti limu iliyonse aizunguze pa makina obalansira mukuona, ndipo werengani manambala pa onse anayi, popeza seti yooneka yofanana nthawi zina imakhala ndi imodzi ya ofuseti ina.

Musanalipire, yesani limu imodzi kutsogolo. Palani dzimbiri pa nkhope ya habu, ikani limu, muone ngati yagona bwino popanda kampata. Izungulitseni ndi dzanja, mumvetsere ngati masipoko akukhudza kalipa. Pakhale mpata wosachepera mamilimita 3. Tayala likaikidwa, tsitsani jeke, khotetsani chiwongolero mpaka kumapeto mbali zonse ziwiri, mulowetse dzanja kuseri kuona ngati tayala likuyandikira shoko, paipi ya mabuleki kapena pulasitiki ya m'madigadi. Kwezani anthu kumbuyo muonenso.

Pomanga, yambani nati iliyonse ndi zala tayala lili m'mwamba, ndipo limbitsani modumphitsa, iyi kenaka yoyang'anizana nayo. Pa masitadi musapake girisi kapena oyilo. Mphamvu yomangira nati imayezedwa mu Nm: Vitz imafuna 103 Nm, Fit 108 Nm. Ngati palibe torque wrench, sipanala yoyeza mphamvu imeneyi, dziwani kuti 103 Nm ndi ngati kulemera kwa makilogalamu 35 kumapeto kwa sipanala ya masentimita 30. Munthu wa makilogalamu 70 akaponda paipi ya mita imodzi amapitirira muyesowo koposa kasanu ndi kamodzi, sitadi imatanuka, ndipo imadzathyoka tsiku lina muli pa liwiro. Malimu atsopano amakhazikika mukayenda makilomita 50 mpaka 100, choncho ngati mwamangitsa ku Limbe, mukafika pa Chitakale pimaninso nati iliyonse. Ngati mwagula manati atsopano, anayi mwa akale aja musataye. Aikeni m'kathumba pamodzi ndi jeke, chifukwa tayala la sipeya likadali pa limu yake ya fakitale ndipo lidzafuna manati omwewo.