Zoika m'kontena ya mwana wa ku nazale

Mwana wa zaka zinayi sakhazikika pa chakudya. Nthawi ya buleki ikakwana, mtima uli ku masewera, ndiye chomwe mwamuikira chikhale choti atole ndi dzanja n'kumaliza msanga. Wanga amapita ku nazale ku Chibavi, ndipo nsima sindimuikira. Imazizira n'kulimba, msuzi n'kuthera m'chikwama.

Ntchito imayambira madzulo. Pophika ndimaponyeratu mbatata pamoto, makamaka yofiira m'kati ija, chifukwa ili ndi vitamini A. M'mawa n'kungoidula mapisi, pambali dzira lowiritsa. Dziralo musenderetu, aphunzitsi ali ndi ana ambiri oti awayang'anire. Tsiku lina futali, lina chigumu cha nthochi, lina mpunga wa Kilombero wosakaniza nyemba ndi karoti, wopanda msuzi.

Kusikelo amatiphunzitsa magulu 6 a zakudya: zokhutitsa, zanyama, zanyemba, masamba, zipatso ndi zamafuta. Onsewo sangalowe m'kontena imodzi, musadzivute. Atatu akwana, enawo akawapeza kunyumba.

Zipatso ndiye kuno ku Mzuzu sitisowa. Nthochi za ku Nkhata Bay zili mbwee mumsika waukulu ndi ku Zigwagwa. Ikani yosasenda, pamwamba, kuti isaphwanyike, chifukwa ikada mwana saikhudza. Peyala nalo limada likadulidwa. Lifinyireni ndimu pang'ono n'kulipaka pa buledi m'malo mwa majarini. Nachesi musende, nthanga muchotse.

Pa mtedza pokha mpofunika kusamala. Wathunthu musamupatse mwana wosakwana zaka 5, umatsamwitsa, makamaka poti amadya akuthamanga. Chiponde ndiye chabwino, chopaka pang'ono. Ngati mumasinja nokha, yambani mwasankha: wofota, wowola ndi wachuku tayani, osaumvera chisoni, popeza poizoni wa chuku satha ndi kukazinga. Usipa ndi wabwino zedi, koma kontena ikatsegulidwa m'kalasi anzake amayamba kugwira mphuno. Umenewo adye kunyumba.

Mu Juni ndi Julayi, chifunga chili tolo, ndimamunyamulira phala la soya mu kafulasiki. Yambani mwathiramo madzi otentha, mukhuthule, kenako phala. Limafika buleki likadali lofunda. Mu Okutobala kukatentha, mpunga ndi nyemba zimasasa msanga, choncho zikhale zophika m'mawa womwewo, osati zogona.

Za m'mapaketi zija adzaziliririra ndithu akaona anzake. Ine ndimamugulira Lachisanu lokha, masiku enawo alire. M'botolo ndi madzi owiritsa basi.

Akaweruka, tsegulani kontena musanaitsuke. Zikamabwerera theka, chepetsani muyeso musanaganize zosintha chakudya. Zikabwerera zosakhudzidwa, mpatseni kontenayo aitsegule pamaso panu. Zivundikiro zina n'zolimba moti timanja take sitingathe, ndipo ana ena amachita manyazi kupempha aphunzitsi.